Polishi pa Nkhope ya Buda

Ndinaganiza zochoka kumudzi tsiku limene mtsikana amene ndinkamufuna anaseka manja anga. Anali akuda bii. Bambo anga ndi osema ziboliboli ku Dedza, ndipo ntchito yanga chiyambire inali kuzikwecha ndi sandipepala n'kuzipaka polishi wa nsapato kuti azungu akopeke. Ndinalumbira kuti mtengo sindidzaugwiranso.

Ku Doha ndinalembedwa ntchito yosamala m'nyumba ya bwana wina kudera la olemera la The Pearl, wokonda kusonkhanitsa zinthu zamakedzana. Pabalaza panali chiboliboli cha Buda chochokera ku Burma, atapinda miyendo, dzanja limodzi litakhudza pansi. Chinali chotuwa, golide atangotsala apa ndi apo ngati zipere. Wophika wathu, mayi wa ku Burma komweko, ankachigwadira m'mawa uliwonse. Ine ndinkangochimvera chisoni. Mtengo wabwino chonchi kuusiya ngati chikuni!

Abwana atapita kutchuthi, ndinakagula polishi ndi sandipepala kumsika wa ku Najma. Ntchito yokwecha ndi kupaka chiboliboli chija ndinaigwira ndikuimba mluzu, poti m'dziko lonselo apa pokha ndi pamene ndinali katswiri. Chinawala ngati nsapato ya msilikali.

Mayi uja atachiona anangokhala pansi, misozi chuchuchu. Anandiuza kuti golide uja sanali penti. Kwawo anthu amamata okha kachidutswa kamodzikamodzi popemphera, ena ali ndi odwala kunyumba. Ine ndinali nditasesa zonsezo n'kukataya m'bini. Abwana atabwera sanakalipe n'komwe. Anangoti, "Khalas," kutanthauza kuti zatha, tikiti yobwerera kwathu n'kubwera.

Kumudzi ndinauza anthu kuti kontrakiti yatha. Koma bambo ndinkalephera kuwayang'ana kumaso, moti tsiku lina akusema ndinawapatsa foni. Chithunzi choyamba, cha Buda uja ndisanamukhudze, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Wosema uyu anali ndi dzanja," iwo anatero. "Taona khutuli."

Atachiona chachiwiri, chimene ndinajambula nditamupaka polishi, anaimirira. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nkhope ya malemu amayi anga, imene anaisema ndili wamng'ono. Moyo wanga wonse ndinkaiyesa yosamaliza, ndipo alendo akabwera ndinkachita nayo manyazi. Inali yotuwa paliponse kupatula tsaya limodzi, losalala ndi lakuda, pamene chala cha bambo chimadutsa akamatuluka m'mawa.

"Zonse ndinkakupatsa kuti upake," anatero bambo. "Iyi yokha sindinakupatsepo. Sunadabwe?"

Sindinadabwepo ngakhale tsiku limodzi.

"Polishi ndi wa zogulitsa, mwana wanga."