Amisiri Ofuna Buku Lopanda Chikuto

Amisiri owotcherera zitsulo mumsewu mwathu, bambo a ndevu amene ana amawathawa, anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi tsiku lina. Buku linagwa m'thumba la ovolosi anyamata awo a ntchito ali pomwepo, pachikuto pali awiri akupsompsonana. Analiponda ndi jombo, osasuntha mpaka anyamatawo ataweruka.

Poti bambowa nkhani zachikondi amazikonda kuposa nyama, anapita kusitolo kukafuna kachipangizo kowerengera mabuku, kaja kamene mnzako sangadziwe chimene ukuwerenga. Kucheuka chonchi, mayi oyandikana nawo nyumba, wailesi ya msewu wonse, ali kumbuyo kwawo ketulo ili m'manja.

"Mumawerenga zotani, bambo?" anafunsa mtsikana wogulitsa, mokuwa ngati ali pamsika. "Aka n'kopepuka, aka n'kazilembo zikuluzikulu, aka sikalowa madzi."

Thukuta linayenderera m'ndevu. Akanena zoona, mawa palibe mnyamata amene adzawaopenso.

"Za... za mageti," ananong'ona.

Mayi aja anakhazika ketulo pakauntala.

"Apatse kosalowa madziko, mwanawe. Khoma lathu n'lopyapyala. Mtsikana wa m'buku akangosiyidwa, bambowa amalira ngati kwagwa maliro."