Kwathu Sanauke

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinamudyetsa nkhuku Selam. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, tikukhala kudziko la eni, m'mafulati a ku Hurlingham, bambo akugwira ntchito ku bungwe lina la mpingo. Selam anali mwana wa anansi athu ochokera ku Ethiopia, khomo loyang'anizana ndi lathu, ndipo anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo.

Chaka chimenecho iye anasala kwa nthawi yoyamba. Sikunali kusala kwathu kuja kosiya shuga mu tiyi n'kumadzitama. Kwawo ankasiya nyama, mazira, mkaka ndi batala kwa pafupifupi miyezi iwiri. Palibe anamukakamiza. Anachita kupempha yekha, pofuna kudzamasula limodzi ndi akuluakulu pa tsiku la chikondwerero. Kusukulu ankadya mphodza ndi buledi, ife tikunyambita zala pamaso pake, iye osadandaula.

Lamulungu la Pasaka tinabwerako ku Misa mawu atasasa ndi aleluya. Amayi anali ataphika mpunga ndi nkhuku yokazinga, fungo lake likutsika mpaka pamasitepe. Iwo ali kukhitchini, ndinakamukoka dzanja Selam, kumukhazika patebulo, n'kumuikira ntchafu yonona m'mbale.

"Idya, Yesu wauka kale. Ukudikiranso chiyani?" ndinatero.

"Kwathu sanauke," anayankha motsitsa mawu. "Pasaka wathu ndi sabata yamawa."

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Sindinkadziwa kuti mpingo wawo uli ndi kawerengedwe kake ka masiku. Kwa ine Pasaka anali mmodzi, wathu, ndipo wosadya tsikulo anali wotsalira. Nditaona kuti sakugwedezeka, ndinatulutsa mawu amene ndinkamva azakhali akuuza alendo kumudzi.

"Kwathu kukana chakudya cha mwini nyumba n'chipongwe. Amayi akamva kuti wakana, akhumudwa kwambiri."

Selam ankawakonda amayi anga, omwe ankamuluka tsitsi Loweruka lililonse. Anayang'ana khomo la kukhitchini, n'kuyang'ana mbale. Kenaka anatenga ntchafu ija, naluma. Ankatafuna pang'onopang'ono ngati akumwa mankhwala owawa, misozi ikudontha mumpunga.

Amayi analowa atanyamula mbale ya kabichi, n'kuima. Iwo ankadziwa zonse, chifukwa m'masabata onsewo ankatumiza kwa anansiwo ndiwo zamasamba zokhazokha.

"Tadala, wamupatsa ndiwe?"

Ndinavomera ndi mutu. Sanandimenye, ngakhale ndikadakonda akadatero. Anamanga chitenje, natigwira manja tonse awiri, kuwoloka nafe kakhonde kapakati pa makomo athu. Kumeneko ndinaona amayi anga, atavala diresi lawo la Pasaka, akugwada pamaso pa mayi ake a Selam kupepesa chifukwa cha pakamwa panga. Manyazi a tsiku limenelo sindinawamvenso kwina kulikonse. Sabata yonse ndinkazemba kukumana ndi Selam, ndikumatsikira masitepe akumbuyo.

Lamulungu lotsatira kunamveka kugogoda. Anali Selam, atavala zoyera mbee, akutiitana kwawo. Ndinakana, koma amayi anangondiyang'ana, ine n'kudzuka. M'nyumba mwawo anali atamwaza udzu wauwisi pansi, mukununkhira khofi ndi lubani. Pakati panali mbale imodzi yaikulu ya nkhuku yofiira ndi tsabola, mazira owiritsa ali momwemo. Ndinakhala kumapeto, manja ali pamiyendo.

Selam ananyema buledi wakwawo wopyapyala ndi wowawasa, nakulungamo kanyama, n'kubweretsa pakamwa panga. Kwawo amatero kwa munthu amene amamukonda. Koma dzanja lake linaima m'malere.

"Ukufuna?" anafunsa.

Ndinatsegula pakamwa. Tsabola uja anandithandiza, poti aliyense anayesa kuti misozi yanga inali ya iyeyo.

Lero ndili ndi nyumba yanga, ndipo ndimapatsa alendo chakudya monga Mmalawi aliyense. Koma ndinazindikira kuti tsiku lija sindinkamupatsa Selam nkhuku ayi, ndinkamulanda chinthu chimene anachisunga movutikira. Mpaka pano, mlendo akati wakhuta kapena akusala, chikombe changa chimabwerera mupoto.