Mfuko Zinkadziwa Malire

Kuseri kwa nyumba ya apongozi anga, kuno ku Chikwawa, kuli dimba lothirira madzi a pachitsime. Mlamu wanga wamng'ono atakwatira, apongozi analigawa patatu: chigawo changa, chigawo cha mkazi watsopanoyo, ndi chawo, chomwe chinali pakamwa penipeni pa chitsime. Chawocho ndiye chinali chonona. Dothi lake silinkauma ngakhale mu Okutobala, dzuwa likamawotcha mpaka nkhuku kuyasama kukamwa.

Chaka chotsatira mawondo awo anayamba kuvuta. Tsiku lina tikusenda nandolo ananena tonse tikumva kuti chigawo chawo adzachisiya kwa amene waonetsa dzanja la dimba. Ine ndinaseka chamumtima. Ndinali nditakhala pamudzipo zaka khumi, nditabereka ana anayi, ndikutunga pachitsime chomwecho. Mnzangayo, mkazi wa mlamu wanga uja, anali mwana wa asodzi, wochokera kumadambo a Shire, wokulira m'bwato. Khasu ankaligwira ngati nkhafi.

Koma mfuko sizinafunse kuti wamkulu ndani. Zinalowa kwa ine.

Amene sanalimepo dimba sangadziwe kuwawa kwake. Umagona anyezi ali chiimire, m'mawa n'kupeza masamba afota. Ukakoka, amangozuka opanda mutu. Mbatata umakumba n'kupeza makoko okhaokha. Mfukoyo suiona, umangoona timilu ta dothi latsopano tili ndondondo pakati pa mabedi, ngati ikukulembera kalata. Ndipo timiluto tinkathera pamalire enieni. Kwa mnzanga kunalibe ngakhale kamodzi. Anyezi wake ankatupa mpaka kung'amba nthaka, mpiru uli biriwiri, ndipo kuzungulira chigawo chake chonse kunali tizitsamba ta masamba otuwa aubweya, timene anabzala mvula yoyamba atangofika.

Tizitsambato tinkandinyansa kuyambira kale. Kwathu kuno munthu akabzala mzere wa zitsamba m'mbali mwa munda, ndiye kuti akunena kuti pano m'panga. Ndinkati mumtima, taonani mlendo wa dzulo, sanathe n'komwe chaka wayamba kale kudzitchingira.

Mankhwala a kusitolo sanali ololedwa. Apongozi analetseratu chifukwa cha abakha, adzukulu oseweretsa dothi ndi chitsime chomwe tonse timamwa. Choncho ndinalimbana nazo ndi manja. Ndinathira madzi m'mauna, ndowa ndi ndowa, mpaka khosi kuuma, koma nthaka inangomwa osakhuta. Ndinafukiza ndowe zouma zosakaniza ndi tsabola pakhomo pa una, ndikukupiza ndi lichero. Utsi unabwerera kwa ine, ndinatsokomola tsiku lonse maso ali psuu. Ndinakwirira mabotolo kukamwa kuli kunja kuti mphepo izilira m'nthaka. Mwamuna wanga anatchera msampha n'kugwira imodzi yonenepa, ya mano anjirinjiri, koma m'mawa mwake abale a mfukoyo anabwera kumaliro n'kudya bedi lonse la karoti.

Nthawi yonseyi mnzanga ankadutsa ndi kheni yake yothirira akuimba nyimbo za kwaya. Kawiri konse anaima n'kunena, “Akulu, ndikuuzeni kanthu za mfukozi?”

“Ndinayamba kulima iwe usanamere mano,” ndinamuyankha choncho, ndipo anangowerama n'kupita.

Ndinene zoona, ndinali ndi nsanje. Ndinkachitira nsanje anyezi wake, nyimbo zake, ngakhale mmene apongozi ankatafunira ndiwo zake pang'onopang'ono akugwedeza mutu. Akati, “Mpiru uwu ngofewa,” ine ndinkasamba m'manja n'kuchokapo. Ndinafika poganiza kuti mwina anabwera ndi kanthu kuchokera kwawo kotumira mfuko kwa anzake.

Mvula itagwa, m'mawa wina ndinapeza timbande tatuluka m'mbali mwa chigawo changa. Sitinali kumalire a pakati ayi, tinali kunja, kuzungulira mabedi anga onse, motalikirana bwinobwino. Masamba ake anali otuwa aja. Ndiye kuti chigawo cha pachitsime akuchifunacho sichimukwanira, wayamba kuzinga ndi changa chomwe! Ndinazula kamodzikamodzi n'kutaya kudzala. Patapita milungu iwiri tinameranso, ndinazulanso. Sindinamufunse kanthu. Ndinkangomuyang'ana ndi diso lakumbali, iye n'kumandipatsa moni ngati palibe chimene akudziwa.

Kachitatu sindinataye. Ndinasonkhanitsa timbandeto m'chitenje n'kukatikhuthula pamphasa pamaso pa apongozi, mnzangayo ali pomwepo akupeta mpunga.

“Amayi, taonani zimene akuchita mpongozi wanu wokondedwayu. Akubzala malire kuzungulira dimba langa. Ngati mwamupatsa lonse, mungondiuza ndidziwe.”

Apongozi anatola kambande kamodzi, n'kukanunkhiza, n'kuyang'ana mnzangayo. Iye anaika lichero pansi.

“Nkhabe, amayi, si malire. Ndi ombwe. Kwathu akale ankaledzeretsa naye nsomba m'mathamanda, koma kumtunda timamubzala chifukwa mfuko sizifuna mizu yake. Zikaipeza zimabwerera. Ndinaona akulu akuvutika, ndipo pondikana kuwauza ndinati ndingowabzalira, adzaona okha zikasiya.” Anatembenukira kwa ine. “Ndinkadabwa kuti n'chiyani chikudya mbande zanga. Ndinkanamizira mbuzi.”

Sananene mwachipongwe, ndipo chimenecho ndiye chinandipweteka kwambiri. Akanandinyoza ndikanapeza poyambira. Ndinangoyang'ana timizu toyera tija tikufota pamphasa. Katatu konse ndinali nditazula ndi manja anga mpanda wa dimba langa lomwe.

Apongozi sanakalipe. Anangoti, “Mbuzi yake ndi ya miyendo iwiri,” n'kupempha madzi akumwa.

Chigawo cha pachitsime chinapita kwa mnzanga mvula itatha. Palibe anadabwa, ngakhale mwamuna wanga sanandiikire kumbuyo. Ndinamuona akugawa mabedi pa dothi lakuda lija, limene ndinali nditaliyeza kale ndi maso kuti apa ndidzaika tomato, apa anyezi. Masiku amenewo ndinkapita kukatunga madzi iye akachokapo.

Patapita sabata anabwera pakhomo panga ndi kapepala kokulunga. Munali njere zakuda, zazing'ono kuposa nyemba.

“Izi mubzale nokha, akulu,” anatero. “Ine sindifikako.”

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinafuna kunena kuti takhuta, monga athokozera kwawo, koma mawu anakana kutuluka. Ndinabzala tsiku lomwelo.

Lero ombwe wanga ndi wotalika kundiposa, ndipo mfuko zinachepa mpaka anyezi wanga amafika pamsika wa paboma. Anthu odutsa amaima n'kufunsa kuti nzeru imeneyi ndinaitenga kuti. Ndimayankha kuti ndi mayi a kuseriku anandiphunzitsa, chifukwa bodza sindilifuna. Koma ndikamanena zimenezo ndimakhala nditasenza ndowa, ndikuchokera kuchitsime, ndipo njira yake imadutsa pakati pa mabedi ake onyowa aja. Mpaka lero ndikamadutsapo ndimayang'ana kumbali.