Mwana wanga amawerenga nsomba

Ndiyambe ndi kuulula: ndinanama ku tchalitchi. Osati mkati, koma panja pomwe timamwera tiyi mapemphero akatha ku Beaumont Leys, dera la mzinda wa Leicester kuno kwa azungu. Mayi Nyirenda, amene ana awo atatu onse ndi anamwino, anandifunsa kuti Thoko wanga akugwira ntchito yanji chimalizireni ku yunivesite. Ndinayankha mosaphethira kuti, "Ndi injiniya wa zamagetsi."

Thoko anali kumbuyo kwanga, kapu ili m'manja. Sananditsutse. Anangobwerera kuntchito kwake kugombe la nyanja tsiku lomwelo, ndipo kwa masabata atatu sanandiimbire foni, mwana amene amaimba Lachitatu lililonse. Zinandipweteka, ndipo ndinkadziwa kuti wolakwa ndine.

Zoona zake n'zakuti Thoko amawerenga nsomba. Amagwiradi pa fakitale yopanga magetsi, koma mbali yake ndi ya nsomba. Tandiuzani, inu amene mwakhala mukusambitsa nkhalamba za eni ku Wigston kuno kuti mwana aphunzire, mungaime pagulu n'kunena zimenezo? Kwathu ku Nkhotakota wowerenga nsomba ndi amene sukulu inamukanika.

Sabata yathayi anatumiza uthenga wachidule: kuntchito kwawo kuli tsiku loti abale akaone, ndipite. Mayi ake anali pa shifiti, koma asananyamuke ananditengera kulabokosi, ija timasungiramo zoziziritsa kukhosi, n'kuthiramo ayezi.

"Mwana ali pa nsomba, ife n'kumadikira usipa wa m'sutikesi?" anatero. "Musabwere chimanjamanja."

Ndinaona kuti akunena zanzeru. Leicester ili pakati penipeni pa dziko, ndipo usipa timaudya pokhapokha wina akabwera kuchokera kumudzi.

Mlonda wa pageti anatsegula kulabokosi ija, anapeza ayezi yekha, anandiyang'ana n'kundilola. Thoko anandilandira mwaulemu ngati mlendo wa wina, n'kuyamba kundifotokozera. Fakitaleyo imakoka madzi ambiri a m'nyanja kuti aziziritse makina, kenako imawabweza atafunda. Madziwo polowa amakokera limodzi nsomba, zomwe zimakakamira pa masefa akuluakulu. Kale zinkangokololedwa n'kutayidwa. Lero lamulo likuti madzi azikokedwa pang'onopang'ono kuti nsomba ithe kuthawa, yomwe yakodwa ibwezedwe yamoyo, ndipo madzi obwerera asatenthe kupyola muyezo.

Anandionetsa ngalande yomwe nsombazo zimatsetserekeramo pobwerera kunyanja. Tinsomba tonyezimira, usipa weniweni, kungoti wachizungu. Mate anadzadza m'kamwa. Ndinamusendera pafupi n'kutsegula kulabokosi.

"Thoko, tangondipatulirako pang'ono. Mayi ako akudikira."

Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha m'mbali, anzake a ntchito n'kucheuka. Kenako nkhope inasintha.

"Adadi, izi ndi zomwe ndimakaunta. Zamoyo zingati, zakufa zingati. Lipoti langa likapita kwa oyang'anira zachilengedwe, kampani singaname. Ngalande iyiyi anaikonzanso chifukwa cha manambala athu." Anatembenukira kwa ine. "Munandiuza nokha kuti agogo anasiya bwato chifukwa chambo chinatha. Panali amene ankawerenga?"

Ndinatseka kulabokosi yanga mwamanyazi.

Bambo anga anagulitsadi bwato lawo ndili mnyamata, n'kuyamba ulonda atakalamba. Ndinaona ndi maso anga anthu akukoka neti ya udzudzu m'madzi, kukokolola ndi tiana tomwe. Lamulo loletsa linalipo. Nyengo yotseka nyanja inalipo. Chimene chinkasowa pagombe pathu ndi munthu woima pamenepo ndi kope tsiku ndi tsiku, wosalandira kambale ka nsomba kuti ayang'ane kumbali. Ndipo ine, mwana wa bambo amenewo, ndinali nditayenda ulendo wonsewo ndi ayezi kukapempha mwana wanga kuti ayang'ane kumbali.

Musandimve molakwa, magetsi ndimawafuna. Amene anakhalapo m'chisanu cha Januwale wa kuno, hita yotenthetsa m'nyumba itafa, sangalimbane ndi fakitale ya magetsi. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti palibe amene akuti itsekedwe. Akungoti tengani madzi, koma nsomba mubweze, ndipo wina awerenge. Makina anali kulira, nsomba zili kubwerera kwawo, zonse tsiku limodzi.

Vuto lathu ife a kuno n'lakuti timadziwa ntchito zinayi zokha: dokotala, namwino, loya ndi injiniya. Mwana akasankha yachisanu timayamba kunong'ona ngati wapalamula. Komatu tikakhala pansi timadandaula kuti chambo cha masiku ano n'chaching'ono ngati chikhatho cha khanda, kuti mitsinje yauma, kuti palibe akuchitapo kanthu. Achitepo ndani, poti amene anaphunzira zimenezo timawabisa kumbuyo kwathu ndi kapu ya tiyi?

Pondiperekeza ku galimoto, Thoko anati amalakalaka tsiku lina kukagwira ntchito yomweyi kwathu, ngakhale chaka chimodzi. Ndinamupepesa pomwepo, pamalo oimika magalimoto, kulabokosi ili m'manja. Anati, "Basi, Adadi, zatha. Koma mukawauze Mami kuti ayezi wawo wasungunuka."

Lamlungu Mayi Nyirenda sanandifunse kanthu. Ndinawatsata ndekha pa tebulo la tiyi.

"Mayi, tsiku lija ndinakunamizani. Thoko si injiniya. Amawerenga nsomba pa fakitale ya magetsi, kuti zisathe."

Anatsitsa mawu. "Mdzukulu wanga akuti akufuna kuphunzira za mitengo. Takhala tikumuletsa. Kodi Thoko angamuyankhule?"

Ndinawapatsa nambala yake. Lachitatu foni yanga inalira, anali Thoko.

Nanga inu, wanu mumati amagwira ntchito yanji iye akakhala kuti ali kumbuyo kwanu?