Kachilombo ka M'memori ya Modesta

Mukafika pa Lisungwi n'kufunsa za a Gerishon, anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukulozerani. Kashopu kawo kali kuseri kwa pamene pamaima maminibasi, pakati pa telala ndi mayi wina wokazinga zitumbuwa. Pakhomo analembapo ndi penti wobiriwira kuti amawotcha nyimbo, amatchaja mafoni ndiponso amalemba makalata. Eni akewo ndi bambo wamtali, wowonda, wa zaka makumi asanu ndi zitatu, wovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi.

Kwawo ndi ku Dambe, kumapiri kolima mbatata ya kachewere, koma khasu silinawakonde ndipo iwonso sanalikonde. Ali mnyamata anapita ku Blantyre kukagwira umesenjala pa kampani ina ya matayala. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi kompyuta. Tsiku lina masana, sekilitale atapita kukadya, iwo anagunda mwangozi kanthu kaja kokhala ndi mchira, ndipo kamuvi kanayenda pagalasi. Analumpha, ndowa yokolopera n'kugubuduka! Koma mawa lake anakagwiranso, ulendo uno mwadala. Ntchito itatha anabwerera ku Neno atasenza kompyuta yakufa imene kampaniyo inkafuna kutaya, ndipo anaitokosa miyezi isanu mpaka inayaka. Akazi awo, a Callista, amanena mpaka lero kuti m'nyumba mwawo muli mitala, ndipo wamkulu si iwo ayi.

Chikondi chimenechi chinabwera ndi mantha ake. M'mawa uliwonse, anzawo akamakangana za mpira, a Gerishon amakhala atawerama pa foni, kuwerenga nkhani za mafoni atsopano ndi za akuba a pa intaneti. Nkhani iliyonse imawasowetsa mtendere.

"Akuti yatuluka foni ya makamera anayi," ankauza telala. "Inu mukuti n'chitukuko chimenecho? Maso anayi akuyang'ana ndani? Akuyang'ana inuyo, achimwene, mukamasamba."

Atawerenga kuti kunja kuli makina otengera mawu a munthu, moti wakuba angathe kuimbira mkazi wako ndi mawu ako enieni, anasiya kunena kuti halo. Nambala yachilendo ikaimba, iwo amangotsokomola n'kudikira kuti winayo ayambe. Kamera ya pa laputopu yawo anaimata ndi selotepi yakuda. Munthu akawauza kuti nambala yake yachinsinsi ndi chaka chimene anabadwa, amagwira mutu ngati amva za maliro. Anthu ankawaseka, eya, koma ankawakhulupirira. Kasitomala akamalemba nambala yake iwo amatembenukira kukhoma, ndipo zithunzi za m'mafoni a anthu sanazitsegulepo. "Chinsinsi cha munthu n'cha mwini wake," ankatero.

Analinso ndi khalidwe lina. Ankati anthu akumudzi amaberedwa chifukwa zonse za makina zimanenedwa m'Chingerezi, choncho iwo ankalimbikira kuzinena m'Chichewa. Pasiwedi ankaitcha mpiringidzo. Vayirasi, kapulogalamu koipa kaja kamene kamalowa m'makina n'kuwononga zinthu, ankaitcha kachilombo. Anthu inu, pa dziko lino pamene mawu amenewa aliyense amadziwa chimene amatanthauza! Koma munthu akakhalitsa ndi makina amaiwala makutu a anzake.

Tsiku lina la msika kunabwera Modesta, mayi wogulitsa tomato, mwana ali kumbuyo. Mwamuna wake anali Fackson, dalaivala wa minibasi ya ku Blantyre, chibambo cha mikono ikuluikulu. Modesta ankafuna nyimbo za kwaya ya amayi zoti akaphunzire, ndipo anabweretsa memori, kakhadi kosungira nyimbo m'foni, kuti amuikiremo. Pabenchi panali amayi atatu odikira mafoni awo, ndipo mmodzi anali a Jessie, amene nkhani ikalowa m'khutu mwawo siichedwa kupeza potulukira.

A Gerishon atangolowetsa memori ija, laputopu inalira, pagalasi n'kutuluka chibokosi chofiira. Anaizula msangamsanga ngati yawaotcha.

"Mayo ine! Mayi, kodi memori imeneyi imakhala kuti?"

"M'foni mwa bambo a kunyumba," anatero Modesta. "Foni yangayi siwerenga memori."

"Ndiye basi," anatero iwo, maso ali pagalasi, dzanja logwira memori likulozaloza kwa mayiyo. "Muli kachilombo. Koopsa zedi, ndipo si ka lero ayi, kakhalitsa. Kachokera kwa amuna anuwo. Anthu oyendayenda awa vuto lawo n'limenelo, amangolowetsa paliponse osadziteteza."

Amayi a pabenchi aja anayang'anizana. A Gerishon sanaone zimenezi, chifukwa mtima wawo wonse unali pa laputopu yawo.

"Kamachoka?" anafunsa Modesta ndi mawu apansipansi.

"Tina timachoka, tina sitichoka. Akaka sindinganame, ndiyesa kaye."

Pamene ankadzutsa mutu, mayiyo n'kuti atapita. Iwo anagwira ntchito yawo bwinobwino, anachotsa vayirasi ija, anaika nyimbo makumi awiri, n'kusunga memoriyo m'kabokosi ka machesi. Anapita kunyumba akuimba mluzu.

Mawa lake kunabwera anthu awiri okha. Tsiku lotsatira sikunabwere munthu. Anaona mayi wina akudutsa pakhomo atafunda chitenje kumaso, dzuwa lili phwee. Telala anasunthira makina ake kutsidya kwa msewu, akuti kukafuna mphepo. A Gerishon anayamba kuganiza kuti mwina kwatseguka shopu ina yotchipa. Masana a Callista anabwera ndi chakudya, koma sanachiike patebulo.

"Bambo a Christabel, mwachita chiyani?"

"Ine? Ndachita chiyani?"

"Lisungwi yense akuti kompyuta yanu imaona magazi a munthu. Akuti munamuuza Modesta pamaso pa anthu kuti ali ndi kachilombo, ndipo kanachokera kwa Fackson. A Jessie afika nayo mpaka kuchigayo. Modesta watenga ana, wapita kwa mayi ake cha ku Matope, ndipo mawa ankhoswe akumana kuti banja lithe. Fackson wabwera kunyumba kawiri, akuti akufuna akuoneni maso ndi maso."

A Gerishon anakhala pabenchi. Anayesa kuseka koma kunangotuluka mphepo. Mawu aja anabwerera amodziamodzi, ndipo tsopano anawamva ndi makutu a Modesta. Kakhalitsa. Kachokera kwa amuna anuwo. Ambuye, anali iwo amene ananena zimenezi?

"Ine ndimanena za memori," anatero. "Za memori basi!"

"Mukuuza ine? Ine si amene ndikuthetsa banja."

A Gerishon anatseka shopu n'kudzera njira ya kuseri kwa mashopu. Masana onsewo anakhala kuchipinda, makatani otseka, thukuta kamukamu. Minibasi ikaliza hutala kumsewu, iwo ankadzidzimuka n'kusuzumira pakatani. Zaka zonsezi ankaopa akuba osaoneka a kutsidya kwa nyanja, koma lero ankaopa mikono imene imakweza thumba la chimanga padenga la galimoto popanda wothandiza. Ankaopanso polisi. Kuposa zonse ankaopa kuti ana awiri akula opanda bambo pakhomo chifukwa cha lilime lawo, ndipo iwo azidzawaona anawo akudutsa pashopu mpaka tsiku la imfa yawo. Anafunsa akazi awo ngati sikungakhale bwino kupita ku Dambe kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

"Ku Dambe mukatani?" anatero a Callista. "Mwawononga ndi pakamwa panu, mukakonze ndi pakamwa panu pomwepo. Nsapato ndakupukutirani kale."

M'mawa a Gerishon anakwera kabaza wa njinga yamoto, laputopu atakulunga m'thawulo, kabokosi ka machesi kali m'thumba la malaya. Njira yonse fumbi likuwalowa m'kamwa, iwo akuloweza mawu. Pepani, ndinalakwitsa kalankhulidwe. Kachilombo kake ndi ka makina, sikakhudza munthu. Anakonza zoti akawaonetse chibokosi chofiira chija kuti amvetse, kenako Modesta aseke, Fackson awatukwane pang'ono, basi nkhani ithe. Atafika, anauza wa kabaza uja kuti adikire pamsewu, ndipo asazimitse injini.

Anapeza anthu atakhala kale pansi pa mtengo wa mango. A William, malume ake a Modesta amenenso anali nkhoswe yake, anali pampando. Pafupi nawo panali nkhoswe ya kuchimuna. Modesta anakhala pamphasa ndi mayi ake, mwana ali pamiyendo. Fackson anakhala payekha pachitsa. A Gerishon anamuyang'ana mwakuba, kuyembekeza chibakera, koma munthuyo anali ataweramitsa mutu, maso ofiira, ngati sanadye masiku atatu. Zimenezi zinawaopsa kuposa chibakera.

Anagwada, anapereka moni, n'kupempha mpata woti alankhule.

"Ndinu a kompyuta aja, eti?" anatero a William. "Mwachita bwino kubwera. Mkamwini wathuyu chiyambire sakuyankha chilichonse. Lankhulani."

Mawu onse amene analoweza aja anathawa. Anamasula thawulo, n'kuika laputopu pa njerwa. "Ndabwera ndi makina aja," anatero, "kuti nonse muone nokha."

Amayi anasunthira mphasa kumbuyo. Nkhoswe ya kuchimuna inakweza chipewa kuphimba nkhope. Laputopu inayaka, ndipo mwatsoka galasi lake linali litaloza kuchitsa kuja.

"Tsekani!" anakuwa Fackson. Anaimirira, kenako anagwa ndi mawondo pafumbi. "Chonde bambo, tsekani, musandionetse pagulu. Ndinena ndekha."

"Ayi, achimwene, dikirani kaye," anatero a Gerishon, koma mawu awo sanafike ngakhale pamphasa.

"N'zoona," anatero Fackson, akuyang'ana pansi. "Ndinakayezetsa ku Blantyre, papita zaka ziwiri. Anandipeza nako. Mankhwala ndimamwa, ndimakatengera komweko kuti kuno anthu asandione. Ndimasunga m'galimoto, pansi pa mpando wanga, m'chitini cha mabawuti. Mayi a Prisca, akazi anga, ndinkafuna kukuuzani. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa. Ndinkaopa kuti mundisiya."

Mayi ake a Modesta anayamba kulira, manja pamutu. A Gerishon anali chigwadire, kukamwa kuli yasa. Iwo amene ankatembenukira kukhoma kuti asaone nambala zinayi za munthu, lero afukula chinsinsi chachikulu chotere popanda n'komwe kuchidziwa.

Modesta sanalire. Anaimirira ndi mwana wake, anayenda pang'onopang'ono, n'kudzakhala pansi kutsogolo kwa laputopu ija. Anakonza duku lake, n'kuwongola khosi ngati munthu wojambulitsa chithunzi cha pa chiphaso.

"Bambo, tsiku lija munanena mwachangu, sindinamve bwino," anatero. "Ndioneninso bwinobwino. Mukatha ine mumuonenso uyu. Akuyamwa."

Anatembenuza mwanayo kuti ayang'ane pagalasi. Kamwanako kanatambasula dzanja kufuna kugwira kuwalako.

"Mayi," anatero a Gerishon. "Makinawa saona magazi. Sanaonepo magazi a munthu aliyense, ndipo sangaone." Anatulutsa kabokosi ka machesi, n'kutsegula, kamemori kali gone m'menemo. "Ine ndimanena kachilombo ka muno. Kamene kamadya nyimbo."

"Kamene kamadya chiyani?" anafunsa a William.

"Nyimbo, bambo. Ndi zithunzi."

Fackson anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana kamemori kaja, anayang'ana a Gerishon. Palibe anaseka. Nkhoswe ya kuchimuna inatsitsa chipewa chija n'kuchiika pabondo.

"Ndiye za ine simukudziwa," anatero Modesta.

"Sindikudziwa, mayi. Pepani. Sindikudziwa chilichonse."

"Za mwanayunso?"

A Gerishon anangopukusa mutu.

Modesta anakhala pomwepo kanthawi, akuyang'anabe pagalasi ngati mwina lisintha maganizo. Kenako anaimirira, anaberekera mwana kumbuyo, namanga chitenje mfundo ziwiri. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mabuku a kuchipatala, lake ndi la mwana. Mayi ake anamuitana, Fackson anamuitana, iye osacheuka. Anafika pamsewu pamene panaima wa kabaza uja, ndipo onse anamumva akufunsa ngati angamufikitse kuchipatala cha pa Lisungwi asanatseke.

Njinga inalira, fumbi linakwera. A Gerishon anatsala chigwadire pakati pa ankhoswe awiri ndi Fackson, kabokosi ka machesi kali m'manja, ndipo panalibe amene anawauza kuti adzuke.