Ndinamubisira Mnzanga Kabowo ka Mpweya

Phokoso limene ndimakumbukira la masiku amenewo ndi la nyundo za amisiri osula ndowa ndi mbaula kuseri kwa nyumba yathu ku Ndirande. Ngo! ngo! ngo! kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Phokoso limenelo ndi limene linandiphunzitsa luso lotchinga mawu, ndipo ndi luso lomwelo ndinapweteka anthu awiri amene ankandikonda. Inu owerenga, ndikulemba izi ndili munthu wolakwa. Sindinamenye munthu, sindinabe cha mwini. Ndinangobisa kanthu kamodzi kamene ndinkakadziwa, chifukwa cha nsanje.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, moti nkhope zawo ndimazidziwira pa chithunzi. Anandilera ndi agogo, mayi awo a mayi anga, amene ankagulitsa mabulangete ndi makatani a kaunjika mumsika. Ndinakula wosakonda zoyankhulayankhula. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kukhala pakona n'kumangoyang'ana: amene apatsidwa nyama yaikulu, amene aitanidwa poyamba, amene ayamikiridwa. Ine zonsezo ndinkaziona n'kuzisunga mumtima.

Ku kwaya ya achinyamata ya kumpingo kwathu ndinapezana ndi Dalitso. Kwawo kunali ku Chilomoni, m'nyumba ya mpanda, makolo onse amoyo. Anali ndi mawu okoma, nthabwala zosatha, ndipo aliyense ankafuna kukhala naye pafupi. Amalume ake a ku Joni anamutumizira maiki, mahedifoni ndi laputopu. Koma bambo ake anakana kuti zoimbaimba zizichitikira pakhomo pawo, choncho zipangizo zonse zinabwera kuchipinda kwanga.

Nyimbo yoyamba imene tinajambula inamveka ngati munthu akuimbira mumgolo. Mawu ankagunda khoma la simenti n'kubwerera, ndipo pansi pake pankamveka nyundo za amisiri aja. Dalitso anaseka n'kupita kwawo. Ine ndinatsala n'kumamvetsera mobwerezabwereza kuti ndidziwe pamene pakulakwika.

Ndinayamba ndi matileyi a mazira monga amachitira anyamata ambiri. Ndinapempha m'magolosale mpaka kudzaza khoma lonse. Pachithunzi zinkaoneka ngati situdiyo yeniyeni, koma mawu sanasinthe kwenikweni, ndipo mphemvu zinapeza mudzi. Agogo anandilamula kuti ndichotse zonse. Kenako anandipatsa mabulangete akuluakulu amene anakanika kugulika chifukwa chong'ambika. Ndinapanga kachipinda ka matabwa pakona, kokwana munthu mmodzi ataimirira. Ndinazindikira kuti bulangete likamatirira khoma silithandiza kwambiri, koma ukalilendewetsa patali pang'ono, kusiya mpata wolowa chikhatho, limameza mawu. Kumbuyo kwa woimba ndinaimika matiresi akale, m'makona ndinaika matumba a sanza, ndipo m'mphepete mwa chitseko ndinakhomera chubu cha njinga. Nyundo zija sizinatheretu, koma zinapita kutali, ndipo tikadikira nthawi imene amisiri akudya, mawu ankatuluka oyera.

Tsiku lina ndinadzitsekera m'katimo kuti ndiyese. Posakhalitsa thukuta linali kamukamu, mutu unayamba kuzungulira, maso kuchita mdima. Ndinatuluka chokwawa. Apo ndinadziwa kuti ndatchinga phokoso pamodzi ndi mpweya. Ndinaboola kabowo m'munsi ndi kena m'mwamba, n'kulumikiza makatoni opindika ngati chigongono, m'kati mwake nditayalamo zidutswa za bulangete. Mpweya unkayenda mokhotakhota n'kulowa, koma phokoso linkatopera m'njira. Pamabowopo ndinatchinga ndi kansalu ka katani. Dalitso sanazione. Iye ankangolowa, kuimba, n'kutuluka.

Nyimbo zake zinayamba kuyenda. Anthu ankatumizirana pa foni, zinkamveka pometera tsitsi, ndipo tsiku lina ndinamva imodzi mu minibasi yopita ku Limbe. Kondakitala anati mnyamata ameneyu ndi katswiri, amajambula yekha kunyumba. Pa ukwati wina woyendetsa mwambo ananenanso zomwezo pa chimkuzamawu, Dalitso ali pompo. Anangogwada pang'ono n'kuwomba m'manja mothokoza. Dzina langa silinatuluke pakamwa pake. Ine ndinali kumbuyo, ndikupinda mawaya.

Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandilasa chinali cha m'nyumba mwathu momwe. Dalitso akabwera, agogo ankasintha nkhope. Ankamutcha mdzukulu wawo wa mmero wagolide, kumuikira tiyi wamkaka, n'kumaimba naye nyimbo zakale za kumpingo mpaka kuiwala kuti ine ndilipo. Tsiku lina agogo anandifunsa moseka kuti nanga ine pakamwa panga anandisokerera ndani. Sankatanthauza choipa. Koma inu owerenga, Dalitso anali ndi bambo, mayi, amalume a ku Joni ndi tauni yonse yomuwombera m'manja. Ine pa dziko lonse ndinali ndi munthu mmodzi yekha, ndipo ndinkaona ngati nayenso akumutenga.

Bambo ake a Dalitso atamva kuti mwana wawo watchuka, mtima unafewa. Anamupatsa kanyumba kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba yawo kuti akhale situdiyo. Dalitso anabwera kudzatenga zipangizo zake, ali ndi chimwemwe chokhachokha. Sanaganize n'komwe kuti ine nditsala ndi kachipinda kopanda maiki. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Aise, tandiuza zonse mmene unapangira, ndisakalakwitse."

Ndinamuuza za mabulangete, za mpata wa chikhatho, za makona, za chubu. Zonsezo zinali zoona. Kenako ndinati, "Chinsinsi chachikulu n'chimodzi. Utseke paliponse, ngakhale polowa nyerere. Podutsa mpweya, phokoso limadutsanso pomwepo."

"Nanga munthu sangabanike?"

"Kwathu kuno unabanikapo?"

Anaseka n'kundimenya paphewa. Ndinawonjezanso kuti mpiringidzo auike kunja kuti chitseko chizikanikizika bwino. Pamene ananena kuti amata masiponji a matiresi ndi guluu wa nsapato, sindinamuuze kuti fungo lake limatenga nthawi kuti lithe. Pamene anati galasi la windo n'lodula, angolisiya, ndinati palibe vuto.

Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, sindinkafuna kuti wina avulale. M'maganizo mwanga ndinkaona makasitomala ake akutuluka thukuta ngati nkhuku zonyowa, akudandaula, akuthawa. Ndinkaona Dalitso akubwerera kwa ine mutu uli pansi, akuvomera kuti popanda ine sangathe. Ndinkangofuna zimenezo basi.

Anamaliza kumanga m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, malata akuchita kulira ndi kutentha. Iye mwini ankangoyesa pang'onopang'ono chitseko chili chotsekula, choncho sanadziwe kanthu. Pofuna kutsegulira situdiyo yake ndi madalitso, anaitana kwaya ya amayi a kumpingo kwathu kuti awajambule ulere. Woyambitsa nyimbo m'kwaya imeneyo anali agogo anga.

Loweruka m'mawa ndinawaona akusita bulauzi yawo yoyera ndi duku. Anati, "Tikupita kwa mdzukulu wanga uja, akuti mawu athu amveka pa wailesi. Sutiperekeza?" Ndinati mutu ukundiwawa. Ndinkadziwa kuti woyambitsa nyimbo amamujambula payekha m'kachipinda. Ndinkadziwa kuti agogo amamwa mankhwala a BP, chifukwa ndinkakawatengera ndine kuchipatala. Ndikanangoti, mukamuuze asatseke chitseko. Koma mmene anatchulira kuti mdzukulu wanga, ndi nkhope yowala ija, mtima wanga unauma. Ndinati chamumtima, akatuluke thukuta aone ukatswiri wa mwana wawoyo. Ndinaima pakhomo n'kuwayang'ana akutsetsereka kupita kokwerera minibasi.

Zimene zinachitika kumeneko ndinamva kwa amayi anzawo. Dalitso anayamba wajambula gulu lonse panja pa kachipindako, kenako analowetsa agogo okha. Anawapempha mwaulemu kuti asasunthesunthe kapena kugogoda, chifukwa maiki imatola chilichonse. Anatseka, n'kukoka mpiringidzo, n'kukhala pa laputopu atavala mahedifoni. Windo panalibe, sankawaona. Agogo ndi anthu akale, kunyumba kwa eni sadandaula. Anaimba. Iye anati abwerezenso, anabwereza. Anati kamodzi kokha komaliza, anayambanso. Ali m'kati mwa ndime, mawu anazilala, ndipo m'mahedifoni munamveka chinthu chikugwa.

Atatsekula, akuti munatuluka mpweya wotentha wonunkha guluu, ndipo agogo anali pansi atatsamira matiresi, duku litagwa. Anathamangira nawo kuchipatala chachikulu pa galimoto ya bambo ake a Dalitso. Madokotala anati BP inakwera kwambiri ndipo achita sitiroko. Mmodzi anandiuza kuti kwa munthu wa msinkhu wawo zikanatha kuchitika tsiku lina lililonse. Mawu amenewo ndayesa kubisalamo, koma sakundikwana. Ine ndikudziwa mmene mumakhalira m'kachipinda kotsekedwa paliponse, chifukwa ndinatulukamo chokwawa ndili mnyamata wamphamvu.

Agogo ali moyo. Dzanja lamanzere siligwira, pakamwa panapotoka, ndipo mawu amatuluka molemera, limodzilimodzi. Kuimba kunatha. Kumsika ndimakhalako ndine tsopano, pa benchi pawo, kugulitsa mabulangete.

Mlandu wonse unagwera Dalitso. Amayi a kumpingo anati ndi mnyamata wosasamala, wofuna kutchuka ndi miyoyo ya anthu. Bambo ake anaphwasula kachipinda kaja ndi manja awo. Iye sananene kwa aliyense kuti malangizo anachokera kwa ine, chifukwa ankakhulupirira kuti nanenso sindinkadziwa. Ankabwera kudzaona agogo atanyamula nthochi ndi sobo, n'kumandipepesa ine. Ine n'kumalandira kupepesako.

Tsiku lina anabwera ndikuwasambitsa agogo m'manja. Ndinamutuma kuti akatenge mpando kuchipinda kwanga. Anachedwa. Nditamutsatira ndinamupeza ataima m'kachipinda kanga kaja, kansalu ka katani atakakankhira pambali, dzanja ataliika pakamwa pa katoni, pamene pamalowera kamphepo. Anayang'ana kabowo ka m'mwamba, anayang'ana ka m'munsi, kenako anayang'ana ine. Anangoti, "Kakuzizira bwino, eti?" Sanakalipe. Anakatsanzika agogo mwaulemu n'kumapita, ndipo kunyumba kwathu sanapondenso.

Agogo ndinawauza zonse patapita nthawi, nditagwada pambali pa bedi lawo. Anandiyang'ana. Kenako anandipempha kuti ndiwatembenuze chifukwa msana unkawawa. Mpaka lero nkhaniyi sanaitchulepo, ndipo sindidziwa ngati anandikhululukira kapena mawu ndi amene akuwasowa.

Inu achinyamata amene mukumanga tizipinda tojambulira nyimbo m'makomo mwanu, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Machinjiri, ndimvereni. Mabulangete ndi matiresi akale amagwira ntchito, simufunika zodula. Koma siyani njira ya mpweya. Mpiringidzo ukhale woti wa m'kati atha kutsekula yekha. Guluu ayambe wauma fungo lithe. Woimba muzimutulutsa apume, makamaka achikulire amene sangakuuzeni kuti avutika. Nyimbo ikalowa phokoso mutha kuijambulanso mawa.

Ndipo inu anzanga ofatsa, amene anthu amakuyamikirani kuti simuyankha, chenjerani ndi zimene mukuunjika mumtima. Ndikanamuuza Dalitso poyera kuti zikundiwawa kuti sutchula dzina langa, tikanakangana tsiku limodzi n'kutha. Ndikanawauza agogo kuti nanenso ndimafuna kuitanidwa mdzukulu ndi nkhope yowala, akanandiseka n'kundikumbatira. Ndinasankha kukhala chete, n'kumadziona ngati munthu wabwino chifukwa sindinakweze mawu. Mnzanu akakufunsani nzeru pa ntchito imene mukuidziwa, muuzeni zonse kapena mukaneni poyera. Kumupatsa theka ndi kumutchera msampha, ndipo simudziwa amene adzapondepo.

Posachedwapa ndili pa benchi kumsika, ndikupinda mabulangete, ndinaona nsapato zitaima patsogolo panga. Anali Dalitso, ataonda, ndevu zosameta. Ndinaimirira. Anatulutsa fulashi m'thumba la malaya, anagwira dzanja langa n'kuiika pachikhatho.

"Muli nyimbo ya agogo," anatero. "Pamene anagwera ndinadulapo, sukamva. Ndayesa kuikonza koma zandikanika, khutu ndi lako. Uimalize, adzimve akadali moyo."

Ndinati, "Dalitso, aise..."

Anapukusa mutu, anatembenuka, n'kulowa m'chigulu cha anthu cholowera kokwerera minibasi za ku Chilomoni.