Ovololo ya pa Nsanja

Fungo la bulangete lonyowa ndi nkhungu likandipeza, ngakhale lero, ndimaona abambo anga akutsika njira yochokera ku Michiru dzuwa likungosuzumira, mfuti yawo ya gogodera ili paphewa, ndevu zili mbuu ndi mame, akuyenda motangadza miyendo chifukwa cha ovololo yonenepa imene inkawaonetsa ngati munthu wodya bwino pamene mkati mwake munali mafupa okhaokha. Inali nyengo ya chiperoni, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Chilomoni m'nyumba ya zidina yofolera malata akale. Chiperoni cha masiku amenewo sichinali chamasewera. Phiri linkasowa masiku anayi athunthu, kamvula kosanyowetsa nthaka koma konyowetsa munthu kakuwaza usana wonse, utsi wa mbaula ukukana kukwera, ukungozungulira m'makonde. Ana tonse tinkatuwa ngati tagona paphulusa, zidendene zitang'aluka, ndipo phada tinkamusiya chifukwa zala zinkakana kugwira miyala. Tinkathamangira fulaye, kuti mpira wa nsanza ukakumenya pamsana umveko kutentha. M'matumba a yunifolomu tinkaikamo mbatata yootcha, iyambe yatenthetsa manja panjira ya kusukulu, kenaka itenthetse mimba.

Abambo anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi zinthu ziwiri, bokosi lachitsulo ndi chifuwa. Bokosilo linakhazikika pakona, chifuwacho chinkayenda nawo paliponse, ndipo panalibe kampani ya m'tauni yofuna munthu amene amatsokomola asanamalize kutchula dzina lake. Chotidyetsa chinali munda wa chinangwa ndi mbatata kumunsi kwa phiri, ndipo mundawo tinkalimbirana ndi nguluwe. Nguluwe sidya mwaulemu. Imafukula mzere wonse, kudya theka, kwinako kungosiya kuti kuwole. Tsono abambo anamanga nsanja mu mkuyu wa m'malire a munda, ndipo tambala woyamba akalira ankanyamuka kukakhala pamenepo, osasuntha, osasuta, osatsokomola ngati angathe, mpaka kuche. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma chaka cham'mbuyo mwake kudekha kumeneko kunawagoneka m'chipatala milungu itatu, ndipo adokotala anawauza amayi mosabisa kuti mphepo ikawalowanso chomwecho, tidzapite titakonzeratu bokosi lina, osati lachitsulo. Amayi anawadandaulira kuti chaka chino angokhala pamoto. Abambo anawayang'ana, anayang'ana ine ndi kamchimwene kanga Yohane, n'kufunsa kuti, "Ndikakhala pamoto, amake Yohane, anawa adya moto?" Nkhani inathera pomwepo. Kunsanja apita ndithu, ndipo ntchito ya ine ndi amayi inali yoti chiperoni chisatilande munthu.

Loweruka lina tinayenda wapansi mpaka ku msika wa Ndirande, kumene kunali anthu ogulitsa maovololo otha ntchito m'makampani. Abambo anatsala, koma anatilongedza malangizo ngati tikupita kukafunsira mbeta. Munthu woyenda amadzitenthetsa yekha, anatero, koma wokhala phee mphepo imamudya kuyambira pansi, pokhalira, n'kukwera ndi msana mpaka kukapeza chifuwa. Choncho ankafuna ovololo ya malamba, yokwera kuphimba chifuwa ndi msana koma yosiya mikono yomasuka kuti mfuti idzuke msanga. Ikhale yaikulu, yoti juzi alowe mkati ndipo munthu apinde miyendo osathinidwa, mtundu wake ukhale wa udzu wouma. Koposa zonse, isalire. Nguluwe siona patali, koma khutu ndi mphuno yake n'za mfiti, nsalu ikangoti kwacha yapita.

Msikawo unkanunkhira usipa, makala onyowa ndi mafuta a zitumbuwa, matope akutigwira m'mapazi. Ine maso anga anagwera pa ovololo yabuluu ya mabatani onyezimira, ndipo bambo wina anatitsatsa yachikasu ya pulasitiki. "Iyi ndiye fesiti kilasi, mayi, mvula imachita kuiopa." Amayi anangopitiriza kusankha. Ankatola ovololo iliyonse, kuiyandikiza kukhutu, n'kuipekesa ndi manja awiri atatsinzina. Ogulitsa anaitanizana kudzaona. "Mayi, mukusaka nyuzi ya pa wailesi m'thalauzamo?" Manyazi anandigwira mpaka ndinabisala kuseri kwa mulu wa masaka, koma amayi anali munthu wosatekeseka ndi kuseka kwa amuna. Anapekesa mulu wonse mpaka anapeza ya khaki yofwifwa, yofewa ndi ukalamba, ya banga la oyilo pabondo, imene mwini wake woyamba ayenera kuti anali ndi mimba ya foromani. Inali yonyansa kuposa zonse, ndipo inali chete.

Ovololo payokha ndi nsalu chabe, imafuna chofunda mkati. Tinapita nayo, pamodzi ndi bulangete lathu lakale, kwa Che Amidu, telala wachisilamu amene ankapalasa makina ake pakhonde la golosale. Atamva ntchito yake anavula magalasi n'kupukusa mutu. "Ine Amidu ndisoke chovala cha nkhani za nguluwe? Chabwino, poti akukaipha. Koma nyamayo isadzadutse pakhonde pano." Anadula bulangete lija n'kulisokerera pachifuwa, pamsana ndi m'miyendo, m'mizere yopingasa kuti lisatsike, koma linathera panjira. Pokhalira, pamene abambo anati mphepo imayambira, panatsala thumba lopanda kanthu. "Apa mumalize nokha, mwali," anandiuza, poti ankadziwa kuti kusukulu singano ndinkaitha. "Nsanza zilizonse, bola zochindikala."

Nsanza m'nyumba ya anthu osauka sizipezeka, chifukwa chilichonse chimakhala chidakali pantchito. Ndinafufuza ponseponse amayi ali kumunda, mpaka ndinatsegula bokosi lachitsulo lija. Pansi pake panali nsalu ziwiri za chipani, zija zokhala ndi nkhope ya Pulezidenti, zimene amayi ankavala kokavina asanapeze yatsopano. Amene sanakhaleko masiku amenewo sangamvetse. Nsalu yotere ikatha sunkaitaya, sunkaiotcha, sunkapukutira mbale kapena kumangira mwana thewera. Inkangogona m'bokosi, nyumba iliyonse ili ndi zake, kudikira njenjete. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe, ndisaname. Koma ndinkadziwanso mawu a adokotala, ndipo m'mutu mwanga mwachibwana ndinaganiza kuti chimene maso sakuona si mlandu. Ndinapinda imodzi kanayi, nkhope ndikuilozetsa mkati mwaulemu, n'kuilowetsa m'thumba muja, n'kusoka ndi ulusi wowirikiza. Amayi atafunsa ndinati nsanza ndapempha kwa Che Amidu.

Milungu isanu ndi umodzi imene inatsatira ndi imene ndimaikumbuka mokoma pa ubwana wanga wonse. Ovololo sinkachapidwa, poti abambo ankati sopo ndi fungo la munthu, ndiye ntchito yanga madzulo alionse, ndikatha kutunga madzi ndi kutsekera nkhuku, inali kuiyanika pa utsi wa udzu ndi masamba ouma mpaka inunkhe tchire. Tsitsi langa linkanunkha chimodzimodzi, anzanga m'kalasi n'kumanditcha mlenje, ine osadandaula. M'mawa abambo ankafika manja ali ozizira ngati mwala wa kumtsinje, koma ankatenga dzanja langa n'kuliika pachifuwa pawo kuti ndimve ndekha kufunda. Kutsokomola kunachepa, amayi anayambanso kuimba nyimbo za kwaya posesa. Abambo ankauza aliyense wodutsa kuti mwana wawo wamkazi wawasokera mpando wa bwana, ine mutu n'kumakula. Ndiye m'mawa wina tinamva gogodera akugunda kuphiri, kamodzi kokha, ndipo nguluwe yaikulu inatsika itapachikidwa pamtengo, amuna anayi akusinthana. Tsiku limenelo mzere wonse wa nyumba zathu unanunkhira mafuta, timbale tikuyenda khomo ndi khomo, ndipo Che Amidu anatseka makina n'kunena kuti akukaona m'bale wawo ku Bangwe.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Magazi anali atalowerera ovololo, ndipo m'mawa mwake amayi anandituma kukaichapa ku mtsinje wa Likhubula, popanda sopo, kungomenya pamwala. Pamwala woyandikana ndi wanga panali a Nangondo, tcheya wa amayi a chipani m'dera lathu, mayi wamtali wosaseka, amene ankagogoda makomo kuitanira amayi kokayeserera magule ndi kufunsa makhadi. Tonse tinkawaopa. Kunali manong'onong'o akuti bambo wina wogulitsa usipa, amene anakulunga nsomba m'nyuzipepala yokhala ndi chithunzi cha Pulezidenti, anatengedwa ndi galimoto chifukwa cha pakamwa pa a Nangondo, ndipo mkazi wake anali akudikirabe. Ndinawapatsa moni nditagwada, n'kuyamba kumenya. Kachitatu, kachinayi, ndipo msoko wanga, umene unanyamula abambo milungu yonse ija, unaphulika. Nsalu inasolomoka, madzi n'kuitambasula pamwala, nkhope ili m'mwamba, yothimbirira ndi magazi a nguluwe, yoperepeseka pomwe munthu ankakhalira.

Sindinalire, sindinathawe. A Nangondo anayang'ana nsaluyo, anayang'ana thumba long'ambikalo, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti amvetsa zonse, pamene nsaluyo inali ndiponso amene ankaikhalira. Amayi ena anali chapatali pang'ono, akuseka nkhani zawo. A Nangondo ananyamula beseni lawo la zovala zonyowa n'kulikhazika pamwamba pa nkhope ija, n'kupitiriza kufinya bulauzi. "Mwana iwe," anatero osandiyang'ana, "zovala za abambo sachapira pagulu. Kulunga zonse uzipita." Anaima pakati pa ine ndi amayi enawo mpaka nditamanga mtolo wanga.

Kunyumba amayi atamva anakhala pansi pomwe anaima, nsalu ili pamiyendo, osandimenya n'komwe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mkwapulo. Abambo anatseka chitseko, anayang'ana nkhope ija nthawi yaitali, kenaka ananong'ona kuti, "N'chifukwa chake pamafunda." Anaseka osatulutsa mawu mpaka chifuwa chinawagwira, koma amayi sanaseke. Chifundo cha pamtsinje sitinachikhulupirire, poti tinkadziwa kuti munthu akhoza kukuphimba masana n'kukakunenera madzulo. Masiku atatu otsatira abambo sanapite kunsanja. Ankakhala pakhonde atavala nsapato ndi jekete la kutchalitchi, kuti galimoto ikabwera isawatenge ngati wakuba, ndipo injini iliyonse yolira kumsewu inkandithamangitsira pakhomo kukasuzumira. Tonse tinkadziwa kuti munthu wa chifuwa chotere sangathe mwezi pa simenti ya m'ndende. Ndinasoka kuti ndiwalanditse ku mphepo, ndipo ndinali nditawapereka ndi manja anga omwe.

Tsiku lachinayi masana a Nangondo anatulukira, atavala nsalu ya chipani yatsopano, kamtolo kali m'khwapa. Abambo anaimirira n'kumanga batani la jekete. Amayi anayala mkeka, koma mlendoyo anakana kukhala. Anamasula kamtolo kaja, ndipo munali chidutswa cha bulangete lofiira, lochindikala, lodulidwa bwino. "Amake Yohane, mwana wanuyu singano amaitha, koma nsalu sadziwa kusankha. Aike ichi." Kenaka anatambasula dzanja. "Ijayi ndipatseni, ndikaisunge ndi zanga. Kwanga safufuza." Anaipinda, anaipanira m'khwapa, ndipo asanatuluke anawakumbutsa amayi mwaukali kuti Lachitatu kuli kuyeserera magule, asachedwe ngati sabata yatha. M'mawa mwake abambo anakwera nsanja atakhalira bulangete la a Nangondo.

Abambo anakhala nafe zaka zina khumi ndi zitatu. Anavina pa ukwati wanga, ananyamula mwana wanga woyamba, ndipo anamwalira pabedi pawo m'nyengo yotentha. Kumunda kuja tsopano kuli nyumba zothithikana, mkuyu unapita ku makala, nguluwe zinathawira kumene sindikudziwa, ndipo chiperoni cha masiku ano chimabwera ngati mlendo wofulumira. Ndimazisowa zonsezo, utsi ndi zidendene zong'aluka zomwe, ngakhale mantha a nthawi imeneyo sindiwasowa. Nyengo ija inandiphunzitsa kusafulumira kumaliza munthu, ndipo phunziroli landivutitsa kuposa kundithandiza, chifukwa kudana ndi munthu n'kosavuta ukamudziwa mbali imodzi. Zinthu zitasintha m'dziko, anthu anayamba kuwalavulira a Nangondo kumsika, ana akuwaimba nyimbo pamsewu, ndipo sindinganene kuti onse ankanama, poti za wogulitsa usipa uja sindidziwa mpaka lero. A Nangondo atamwalira, pamaliro panali anthu owerengeka, azimayi akukankhirana kuti asambitse mtembo ndani. Ndinali mayi wa ana anayi pamenepo. Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje, n'kupempha madzi ofunda. Pakhomo mayi wina anandigwira mkono n'kundifunsa ngati ndinali wachibale. Ndinati eya.